FPGA ikufuna wogula, osati kuwomberedwa m'manja

Fakitale yopanga matchipi a kompyuta sitidzaimanga ku Luchenza kapena pa Chitakale, ndipo tisadzinamize. Fakitale yotere imameza madola mabiliyoni ambiri isanatulutse kanthu, imafuna magetsi osaphethira ngakhale kamodzi ndi madzi oyera kuposa a m'chipatala. Komabe pali mtundu wina wa tchipi umene umafika kwa wogula m'kati mwake musanalumikizidwe, ndipo wogulayo ndi amene amasankha kuti njira za m'katimo ziyende motani. Dzina lake ndi FPGA. Wachinyamata amene ali ndi laputopu ndi kabolodi ka madola osapitirira 30 angathe kudzipangira makina a zamagetsi popanda fakitale, mawa n'kuwasintha ngati ntchito yasintha. Ife tikuti luso limeneli lingasanduke malonda enieni kuno ku Thyolo ndi Mulanje, koma pokhapokha eni mafakitale ndi boma atavomera kukhala ogula oyamba. Maphunziro ndi zionetsero pazokha sizidzatifikitsa kumeneko.

M'kati mwa FPGA muli tizigawo zikwi zambiri tofananafanana. Kachigawo kalikonse kali ndi LUT, katebulo kamene pa matchipi ang'onoang'ono kamalandira mawaya anayi n'kusunga mayankho 16, komanso flip-flop yosunga yankho limodzi mpaka clock, chizindikiro chogunda mobwerezabwereza chimene chimayendetsa tchipi yonse, itagundanso. Pakati pa tizigawoti pali timaswitchi tosankha kuti waya uyu apite kuti. Injiniya amalemba mapangidwe ake mu Verilog kapena VHDL, zilankhulo zolembera mapangidwe a zamagetsi, mapulogalamu a pakompyuta n'kuwasandutsa fayilo yotchedwa bitstream. Ma FPGA ambiri amaiwala zonse magetsi akazima, choncho bitstream imasungidwa mu kachipi ka flash pambali pake ndipo imalowanso nthawi iliyonse makina akayatsidwa. Ukalowetsa fayilo ina, bolodi lomwe lija lasanduka makina ena.

Kusiyana kwake ndi purosesa wamba kuli apa. Purosesa ili ngati mayi mmodzi wachangu amene akusankha nyemba pa lichero: kaya afulumire bwanji, amatola imodziimodzi. FPGA ndi gulu la amayi atakhala mzere, aliyense ndi ntchito yake, onse akugwira nthawi imodzi, ndipo nyemba iliyonse imatenga nthawi yofanana ndendende kuti idutse mzere wonsewo. Kufanana kwa nthawiko n'kumene kumagulitsa FPGA kuposa liwiro lenilenilo.

Si chinthu chatsopano ayi. Xilinx inatulutsa FPGA yoyamba yogulitsa, XC2064, mu 1985, ili ndi zigawo 64 zokha. Lero iCE40 UP5K ya Lattice, imene ili m'gulu la zotsika mtengo, ili ndi ma LUT 5,280, ndipo kabolodi ka Tang Nano 9K kali ndi 8,640. Intel inagula Altera mu 2015 ndi madola 16.7 biliyoni, AMD n'kumaliza kugula Xilinx mu 2022. Microsoft inaika ma FPGA m'makompyuta ake akuluakulu, ndipo Amazon imabwereketsa makompyuta okhala ndi FPGA pa intaneti. Anthu amenewa sataya ndalama pa zoseweretsa.

Tinene msanga kumene FPGA sikufunika, chifukwa okonda lusoli amakonda kuliika paliponse. Kuyeza kutentha ndi chinyontho m'mosungira masamba a tiyi akamafota, kulemba kulemera kwa masamba amene wothyola wabweretsa pa sikelo, kuyatsa pampu thanki ikatsika: zonsezi microcontroller, kapurosesa kakang'ono ngati ka pa Arduino kapena ESP32, imazichita bwino, motsika mtengo, ndipo odziwa kuzikonza ndi ambiri. Ngakhale kusunga magetsi pa 50 Hz pa malo ang'onoang'ono opangira magetsi a madzi, ngati a MEGA ku Bondo pa mtsinje wa Lichenya, ndi ntchito yapang'onopang'ono kwa tchipi, microcontroller imakwanitsa. Amene angagulitse FPGA pa ntchito ngati zimenezi akudyera wogula masuku pamutu, ndipo akadzadziwika adzawonongera mbiri anzake onse.

Kumene imawala ndi m'makina osankha mbewu potengera mtundu. Maboma awiriwa amatulutsa nandolo, makademiya ndi tiyi, ndipo zonsezi mtengo wake umadalira kuyera kwa katundu. Makina osankhawa amagwira ntchito motere: mbewu zimathamanga pa lamba kapena kutsetsereka m'ngalande, kamera imazijambula mzere umodziumodzi, ndipo valavu ya mpweya imauzira kunja mbewu yoola, kamwala kapena chigoba. Tiwerengere limodzi za makina aang'ono, oti gulu la alimi lingawakwanitse.

Tinene kuti lamba ndi wa mamilimita 512 m'lifupi ndipo akuthamanga mamita 3 pa sekondi. Kuti banga laling'ono pa nandolo lioneke, kadontho kalikonse ka chithunzi kaimire kota ya milimita. Ndiye kuti mzere uliwonse uli ndi timadontho 2,048 ndipo kamera ijambule mizere 12,000 pa sekondi. Zikatero timadontho tikuyandikira 25 miliyoni pa sekondi iliyonse, kalikonse kali ndi manambala atatu, ofiira, obiriwira ndi a buluu. ESP32 imathamanga pa 240 MHz, kutanthauza kuti ili ndi kugunda kwa clock kosakwana khumi pa kadontho kamodzi; kungowerenga manambala atatu aja nthawi yatha kale. Kakompyuta ka Raspberry Pi kali ndi mphamvu yokwanira, koma Linux, pulogalamu yokayendetsa, nthawi zina imayamba yaona ntchito zina, ndipo kuchedwa kwa milisekondi imodzi pa liwiro limeneli ndi mamilimita atatu. Nandolo mmodzi ndi pafupifupi mamilimita asanu ndi limodzi. Mpweya uphonya woola uja n'kutaya wabwino amene ali kumbuyo kwake.

Mu FPGA ntchitoyi imayalidwa m'zigawo zotsatizana. Choyamba chimakonza kuwala, pakuti nyale za LED siziwala mofanana pakati ndi m'mbali mwa lamba. Kadontho kalikonse kamachulukitsidwa ndi nambala yake imene inatengedwa pojambula kapepala koyera. Chachiwiri chimafunsa tebulo la mitundu. Mukatenga ma bit asanu pa nambala iliyonse mwa atatu aja mumapeza mitundu 32,768, ndipo uliwonse uli ndi yankho limodzi, labwino kapena loipa. Tebulo lonselo limakwana mu memory ya m'kati mwa tchipi. Chachitatu chimawerenga timadontho toipa togundizana, kuti kafumbi kamodzi kasatayitse mbewu yabwino. Chachinayi ndi chodikiritsa. Ngati mavalavu ali mamilimita 60 kutsogolo kwa kamera, mbewu imafikapo pakatha mamilisekondi 20, kapena kuti mizere 240. Mavalavu akakhala 64, iliyonse ikuyang'anira mamilimita asanu ndi atatu, zosunga zonse ndi ma bit 15,360 basi. Tchipi ngati ECP5 ya Lattice imanyamula zonsezi malo n'kutsala, ndipo tchipi yomweyi imapezeka m'mabolodi ena otchipa a Colorlight oyendetsera zikwangwani za LED.

Phindu la kusinthika likuonekera pomwepa. M'mawa makina asankhe nandolo, masana mulowetse tebulo lina asankhe mtedza, nyengo ya makademiya asiyanitse zigoba ndi mtedza wosweka. Kamera yakale ikasowa pamsika, musinthe chigawo choyamba chokha cha mapangidwe, bolodi likhale lomwelo. Chenjezo limodzi kwa ogulitsa mtedza: kusankha ndi kamera kumachotsa mtedza wooneka woipa, koma sikulowa m'malo mwa kuyezetsa aflatoxin, poizoni wa chuku, ku labotale.

Zimene zimapha makina otere nthawi zambiri si masamu ayi, ndi zinthu zimene m'kalasi sazitchula kawirikawiri. M'kati mwa iCE40 mumayenda mavoti 1.2, miyendo yake imalandira 3.3, pomwe mavalavu amafuna 24. Waya wa mavoti asanu ukagunda mwendo wa FPGA mwachindunji, tchipi yapita. Valavu iliyonse ikufuna MOSFET yake, kaswitchi ka zamagetsi koiyatsira, ndi diode yomeza mphamvu imene koilo imabweza ikazimitsidwa. Mukaiwala diode, makina amadzizimitsa okha mavalavu angapo akauzira pamodzi, ndipo anthu amataya masabata akufunafuna vuto mu Verilog pomwe lili pa bolodi. Chizindikiro chochokera ku encoder, kachipangizo koyeza kuyenda kwa lamba, sichiyendera clock ya FPGA, choncho chiyenera kudutsa ma flip-flop awiri otsatizana chisanagwiritsidwe ntchito. Mukadumpha zimenezi makina amayenda bwino maola ambiri kenako n'kuwerenga molakwa kamodzi, ndipo vuto lobwera kamodzi patsiku ndi lowawa kulisaka kuposa lobwera nthawi zonse. Palinso lipoti la timing limene mapulogalamu amatulutsa akamaliza. Likanena kuti njira ina ya m'kati yachedwa, limvereni. Patebulo m'mawa kukuzizira makina adzayenda, koma pafupi ndi choumitsira tiyi masana a Okutobala adzayamba kusokoneza, chifukwa tchipi ikatentha imachedwerako.

Ndiye pali dera lathu lenilenilo. Ziphaliwali za m'mphepete mwa phiri zimalowa kudzera m'mawaya aatali, choncho chizindikiro chilichonse chochokera kunja kwa bokosi chidutse pa optocoupler ndi TVS diode, tizipangizo totchinga mphamvu yoteroyo, ndipo waya wa pansi akumbiridwe bwino. Magetsi a ESCOM akazima jenereta n'kulandira, mphamvu imatsika kwa kanthawi osazimiratu. Popanda kachipi koyang'anira mavoti ndi kulamula FPGA kuti iyambirenso, imatha kukhala yoyaka koma yosokonezeka. Chiperoni chimasiya chinyontho pa bolodi, fumbi la tiyi n'kumatirirapo, ndiye bolodi lipakidwe vanishi wa zamagetsi ndipo bokosi litsekeke. Kompuresa m'nyengo ya mvula imatumiza madzi m'mapaipi, ndipo valavu yonyowa imachedwa kutseguka. Choumitsa mpweya ndi fyuluta si zokongoletsera. Galasi la kamera lipukutidwe ndipo kapepala koyera kajambulidwenso pa shifiti iliyonse. Zonsezi wophunzira sangazidziwe ali pa desiki. Amazidziwa makina ake atakhala m'fakitale mwezi wathunthu, mwini fakitale akumuimbira foni usiku.

Msika wachiwiri ndi wosaoneka bwino pachionetsero koma ndi umene ungalipire lendi msanga: mabolodi akale. M'mafakitale muli makina olongedza, oyezera ndi oyendetsa malamba amene zitsulo zake zikadali zolimba koma bolodi lake linapangidwa zaka makumi awiri kapena atatu zapitazo, ndipo matchipi ake anasiya kupangidwa. Bolodi likapsa, mwina mudikire lina kuchokera kunja ngati lilipo, mwina mugule makina onse atsopano. Odziwa FPGA ali ndi njira yachitatu. Amalumikiza logic analyser, chida chojambulira zizindikiro za m'mawaya, pa bolodi limene likugwirabe ntchito, kujambula zizindikiro zonse zolowa ndi zotuluka kwa masiku angapo, kulemba Verilog yochita chimodzimodzi, kuiyesa pakompyuta ndi Icarus Verilog kapena Verilator pofanizira ndi zojambulidwa zija, kenako n'kupanga bolodi latsopano lolowa pamalo pomwepo, lokhala ndi matchipi ngati 74LVC245 olandira mavoti asanu a makina akalewo. Chofunika n'kuchita zimenezi bolodi lakale lisanafe, chifukwa lakufa silinena kanthu. Zotetezera boyila ndi zoimitsa makina pangozi zokha zisakhudzidwe; zimenezo zili ndi malamulo ake ndipo si poyesererapo.

Wina afunsa, ndipo funso lake n'lolemera: bwanji osangogula makina osankha mbewu ku China? Ku Hefei kuli makampani angapo opanga makina amenewa mochuluka, ndipo Bühler yakhala ikugulitsa ma Sortex kwa zaka zambiri. Kampani ya anyamata anayi ku Goliati singapikisane nawo pa makina aakulu, ndipo esiteti yaikulu imene ikufuna matani ambiri pa ola igule kumeneko, sitikuitsutsa. Koma makina akunja amabwera ndi ngongole imene siilembedwa pa invoisi. Bolodi lake likafa, lina lifunika madola, ndipo aliyense amene wapemphapo ndalama zakunja kubanki zaka zino akudziwa kudikira kwake. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse cholipiridwa m'madola chinakwera tsiku lomwelo. Pa makina opangidwa kuno, madola amapita ku tchipi, kamera ndi mavalavu okha. Ntchito ya mutu, chitsulo, kuwotcherera ndi kukonza zonse zimalipiridwa m'makwacha. Komanso gulu la alimi a nandolo ku Limbuli kapena ku Thekerani silikufuna makina a matani ambiri. Likufuna aang'ono, onyamulika pa pikapu, amene wokonza wake ali pa mtunda wa ola limodzi.

Chodandaula china n'chakuti ophunzitsidwa bwino adzathawira kunja. Ena adzapitadi. Koma kulemba ndi kuyesa mapangidwe a FPGA ndi ntchito imene munthu angaigulitse kunja ali ku Bvumbwe, bola akhale ndi intaneti ndi magetsi a dzuwa, ndipo makampani akunja safunsa satifiketi yokha, amafunsa kuti unapangapo chiyani chimene chikugwira ntchito. Makina osankha nandolo amene atha nyengo ziwiri osafa ndi umboni woposa pepala lililonse.

Nanga aliyense achite chiyani? Tiyambe ndi inu eni ndi oyang'anira mafakitale, pakuti kiyi ali ndi inu. Kuyambira Juni mpaka Okutobala masamba amachepa ndipo makina ambiri amakhala akukonzedwa. Imeneyo ndi nthawi yotsegulira achinyamatawa chipata. Musawapatse thandizo, apatseni oda: vuto limodzi lolembedwa bwino, muyeso woti ntchito yatheka, ndi malipiro m'magawo atatu, poyamba zogulira zipangizo, kenako makina akapambana mayeso patebulo, komaliza akatha masiku 30 akugwira ntchito m'fakitale. Muyesowo ukhale wa manambala. Mwachitsanzo, m'makilogalamu 50 a nandolo muthiremo dala mbewu zoipa zowerengeka, ndipo mugwirizane pasadakhale kuti zingati zichotsedwe ndi zabwino zingati zololedwa kutayika nazo. Mphoto ya pachionetsero imalipira makina oyenda mphindi zisanu nduna ikuonerera. Oda imalipira makina oyenda Lachiwiri usiku palibe woonerera, ndipo kampani imamera pa mtundu wachiwiriwu.

Masukulu nawo ali ndi gawo lawo. MUST ili pa Ndata pompano, ndipo MUBAS ku Blantyre si patali. Chimene tikupempha n'chakuti wophunzira aliyense wa zamagetsi ndi makompyuta akhale ndi kabolodi kake kopita nako kuchipinda, osati bolodi limodzi lodula lotsekeredwa m'kabati. Mapulogalamu aulere alipo: Project IceStorm inaulula mmene bitstream ya iCE40 imalembedwera mu 2015, ndipo lero Yosys ndi nextpnr zimatha kutenga Verilog mpaka bitstream ya iCE40 ndi ECP5 popanda laisensi, ndipo zimayenda pa laputopu yakale. Pulogalamu ya Vivado ya AMD imafuna ma GB makumi angapo kuti muitsitse, zimene pa bandulo ya foni ndi chilango. Iphunzitsidwe m'labu kwa amene afika pa matchipi aakulu. Chinanso n'chakuti sukulu inene poyera, polemba, kuti wophunzira akapanga chinthu chogulitsika mwini wake ndani ndipo sukulu itengapo zingati. Popanda pepala limenelo palibe fakitale kapena banki imene ingaike ndalama, poopa kudzakokanakokana katundu atayamba kuyenda. Ndipo a TEVETA asaiwalike: pa injiniya mmodzi wolemba Verilog pakufunika amisiri angapo odziwa kumata tchipi yopanda miyendo yotulukira kunja (QFN) ndi mpweya wotentha, kuyala mawaya a mavoti 24 ndi kukonza mavalavu.

Boma lisavutike ndi kumanga nyumba yatsopano yokhala ndi chikwangwani. Malawi 2063 inanena kale za kutukula mafakitale, ndipo zofunika pano ndi zazing'ono. Ndondomeko ya industrial rebate ya MRA ifikirike ndi kampani ya anthu anayi imene ikuitanitsa kaphukusi ka matchipi 20, osati okhawo oitanitsa makontena. Mabanki apatsidwe njira yachidule yovomerezera madola ochepa ogulira zipangizo zotere, chifukwa kudikira miyezi iwiri kaamba ka madola 300 kumapha oda yonse. Thandizo la NCST, bungwe la boma loona za sayansi ndi luso, lizipita kumene kuli wogula amene wasaina ndi kuikapo ndalama zake. Ndipo mabungwe a boma amene ali ndi makina akale, m'zipatala, m'malo opopera madzi ndi kwina, aloledwe kupereka ntchito zing'onozing'ono zoyeserera popanda kufunsa kampani ya chaka chimodzi umboni wa zaka zisanu.

Pomaliza pali mgwirizano wolembedwa, umene umateteza mbali zonse. Wogula ali ndi mantha oyenera: anyamatawa akabalalika, makina adzakonza ndani? Choncho Verilog yonse, zojambula za bolodi, mndandanda wa zipangizo ndi mtundu weniweni wa mapulogalamu amene anapangira bitstream zisungidwe kwa munthu wachitatu, loya kapena sukulu, kuti ziperekedwe kwa wogula kampaniyo ikatseka. Mtundu wa pulogalamu ndi wofunika chifukwa Verilog yomweyo ikadutsa mu nextpnr yatsopano imatha kuyalidwa mwina, timing n'kusintha. Pa makina aliwonse ogulitsidwa pakhale bolodi lachiwiri loyesedwa kale m'sitolo ya fakitale, ndi matchipi osachepera asanu osungidwa m'thumba lotsekera chinyontho. Mu 2021 ndi 2022 matchipi atasowa padziko lonse, ogula ma FPGA ambiri ankauzidwa kudikira chaka kapena kupitirira. Opanga alembe mapangidwe awo mosadalira kwambiri zida za kampani imodzi, memory ndi zochulukitsira manambala zilembedwe mu Verilog wamba, kuti ECP5 ikasowa athe kusamukira ku matchipi a kampani ya Gowin kapena AMD posintha mafayilo ochepa okhudza miyendo ya tchipi ndi clock.